Chikhatho, nyanga ndi sikelo: za kuyeza wonga wa mfuti

Pamsika wa Bangula, m'dera la mfumu yaikulu Mbenje, mayi wogula mapira sayamba ndi kufunsa mtengo. Amayamba wayang'ana ndowa. Amaitembenuza kuti aone ngati pansi pake sanapatiwize ndi mwala, kenako amaonetsetsa ngati wogulitsa akuthira mokhutchumula kapena akungowaza mwaulemu kuti ndowa idzaze msanga. Amadziwanso kuti ndowa yomweyo imalemera mosiyana ikadzaza mapira, mchewere kapena gaga. N'chifukwa chake thonje, lomwe munthu angathe kulitsendera kapena kulifufumitsa mmene wafunira, saligula pa ndowa. Limakwera pa sikelo.

Mayi ameneyu, ngakhale sanagwirepo mfuti, akudziwa kale phata la nkhani imene imasowetsa tulo anthu odzaza okha zipolopolo ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. Anthu amenewa amatola makoko a mkuwa a zipolopolo zimene aomba, n'kuikamonso kachoyatsira katsopano, wonga ndi mutu wa chipolopolo. Funso lawo lalikulu ndi la chida choyezera wonga: chiti chimene chingathire mlingo wofanana nthawi zonse? Pafupifupi zida zonsezo ndi ndowa zazing'ono, zimayeza malo amene wonga wadzaza. Koma mphamvu ya wonga imatsata kulemera kwake. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Chigwa cha Shire chinaudziwa wonga kalekale, ndipo chinaudziwa moipa. David Livingstone atakwera mtsinjewu ndi sitima ya Ma Robert mu January 1859, anthu a mfumu Tengani anamulandira ndi mauta ndi mivi yaululu. Padambo lalikulu la kumpoto kwa Chiromo anaona njovu zimene anaziyerekeza kuti zinali 800, ndipo dzina la Elephant Marsh linachokera pamenepo. Pasanathe zaka zisanu zinthu zinali zitatembenuka. Asilikali a Paul Marianno, amene anthu ankamutcha Matekenya, ankagwira akapolo kumunsi kwa chigwa ndi mfuti. Njala ya 1862 ndi 1863 inakantha Amang'anja. Amakololo ochepa amene anabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Mlauli, Maseya ndi Katunga, anatsalira kwa Chibisa ali ndi mfuti m'manja, ndipo posakhalitsa anali mafumu a anthu owaposa kuchuluka kwambiri. Mnyanga wa njovu unkagula wonga, wonga n'kupha njovu ina.

Mfuti za nthawi imeneyo zinali zodzazira kukamwa, zimene mpaka lero timati gogodela. Zambiri zinkapangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège kuti zikagulitsidwe ku Africa. Mlenje ankathira wonga wakuda mumpope, n'kutsenderapo kansanza kapena khungwa losakatika, n'kuikapo chipolopolo cha mtovu kapena chidutswa cha chitsulo. Mlingo wake unali wa maso ndi manja. Ena ankathira pachikhatho. Ena, m'madera ambiri a mu Africa muno, ankalowetsa ndodo yotsenderera mumpope n'kuwerenga ndi zala kutalika kwa gawo lotsala kunja. Wosamala kwambiri ankasema kansonga ka nyanga kapena kabango kolowa mlingo umodzi, n'kukamangirira ku nyanga yosungiramo wonga. Kabango kameneko ndiye kholo la zida zonse za masiku ano, ndipo kanali ndi ubwino wina: munthu sankathira wonga mumpope kuchokera m'nyanga yodzaza, pomwe kakhala kotsalira mkatimo kakanatha kuyatsa nyanga yonse ili m'dzanja.

Kuyeza kotereku kunkatheka chifukwa wonga wakuda ndi wokhululuka. Wonga wa malonda unali wofooka, wa njere zikuluzikulu, ndipo wowonjezera pang'ono unkangosanduka utsi ndi moto wapakamwa pa mfuti. Komabe kukhululuka kwake kunali ndi malire. Frederick Selous, amene ankasaka njovu m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, anali ndi mfuti zoponya mpira wa mtovu wolemera pafupifupi magalamu 113, ndipo ankazidzaza ndi wonga wotapa ndi dzanja m'thumba lachikopa. Tsiku lina mfuti inakana kulira, womunyamulira n'kuidzazanso pamwamba pa mlingo woyamba. Itaomba inamutaya pansi, thabwa lake linasweka, tsaya lake n'kung'ambika. M'buku lake la 1881 anavomera kuti mfuti zimenezi zinamuwonongera kukhazikika kwa dzanja kuyambira pamenepo. Ngozi ya Selous ndi yomwenso odzaza zipolopolo amaiopa koposa lero, milingo iwiri pamalo a umodzi.

Chaka cha 1884 n'chofunika kuchiyang'ana kawiri. M'chigwa muno, mzungu George Fenwick anawombera Chipatula pa mkangano wa malonda a minyanga, iye n'kuphedwanso, ndipo Amakololo anamiza sitima ya Lady Nyassa. Kutsidya la kum'mawa kwa Shire anthu a ku Massingire anaukira Apwitikizi. Chaka chomwecho ku France, Paul Vieille anapanga wonga wopanda utsi, wamphamvu pafupifupi katatu kuposa wakuda pa kulemera kofanana. Chaka chomwechonso ku New Haven, m'dziko la America, John Barlow anayambitsa kampani ya Ideal yopanga zida zodzazira zipolopolo, imene kampani ya Lyman inadzaigula mu 1925. Pamene anthu a m'chigwa ankamenyanirana migolo ya wonga wakuda, wonga umenewo unali utayamba kale kutha ntchito kwa amene ankaugulitsa.

Kusiyana kwa zida kunaoneka mu November 1889, pamene ankhondo a Mlauli anakumana ndi gulu la Mpwitikizi Serpa Pinto pafupi ndi pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, n'kufa ambiri. Britain inaopseza Portugal pa 11 January 1890, Apwitikizi n'kubwerera. Pa 2 July chaka chomwecho maiko a ku Ulaya anasainira pangano la ku Brussels, limene linaletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa eni nthaka m'chigawo chachikulu cha Africa, koma n'kulola mfuti zakale zoyatsira mwala ndi wonga wamba wa malonda. Amene amadabwa kuti gogodela anakhalitsa bwanji m'midzi ya kuno mpaka nthawi ya mafoni a m'manja, gawo lina la yankho lili m'panganoli. Mzungu anapita patsogolo ndi sikelo, mwini mudzi anamusiyira chikhatho.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake wonga watsopano sufuna chikhatho, ayenera kudziwa muyeso umene amauyezera. Amautcha gireni, kuchokera ku njere ya barele imene Angelezi akale ankayezera zinthu. Paundi imodzi ili ndi magireni 7,000, ndipo galamu imodzi ili ndi magireni 15 ndi pang'ono. Chipolopolo cha mfuti ya Martini-Henry, imene asilikali a Britain anali nayo m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, chinali ndi magireni 85 a wonga wakuda. Kulakwitsa ndi gireni imodzi pamenepo sikunali kanthu. Koma chipolopolo cha pisitolo ya 9mm chimalandira wonga wosakwana theka la galamu, ndipo kuchoka pa mlingo woyambira kufika pa mlingo womaliza wololedwa nthawi zambiri sipakwana gireni imodzi. Mphamvu imene imakankha mkati mwa mpope wake imaloledwa kufika mapaundi 35,000 pa sikweya inchi, kuwirikiza pafupifupi chikwi mpweya wa m'tayala la galimoto. Wogulitsa mtedza amaika basela kuti wogula adzabwerenso. Basela wotere pa wonga amachotsa zala.

Chida chophweka kwambiri ndi kasupuni. Kampani ya Lee, imene Richard Lee anaiyamba mu 1958 ku Wisconsin, imagulitsa timasupuni 15 ta pulasitiki tosiyana kukula, chilichonse cholembedwa mlingo wake. Palibe chosokonekera, palibe chomasuka. Vuto ndi dzanja la wotapa: akakankha mwamphamvu wonga umatsendereka, akagwedeza umakhazikika, akapanda kusalaza pamwamba umachuluka. Ndi ndowa ya ku Bangula yomwe ija. Komanso milingo ya timasupuni imadumphana, moti umene munthu akufuna umatha kugwera pakati pa tiwiri.

Chofala kwambiri ndi chida cha mgolo wozungulira. Pamwamba pali chibotolo chosungira wonga, pansi pali kamgolo kachitsulo kokhala ndi dzenje limene limakula kapena kuchepa munthu akapotokola chomangira. Akakweza chogwirira dzenje limadzaza, akatsitsa limakhuthulira m'khoko. Uniflow ya kampani ya RCBS, imene Fred Huntington anaiyamba mu 1943 ku Oroville m'chigawo cha California, ndi ya mtundu umenewu, monganso za Redding ndi Hornady. Lyman 55 ili ndi timalilime titatu tosunthika tosinthira dzenjelo, ndiponso kanyundo kolendewera pambali kamene munthu amakagogoda kuti njere zomatirira zigwe. Makina a Dillon, opanga zipolopolo mazana angapo pa ola, amagwiritsa kachitsulo koyenda uku ndi uku kokhala ndi bowo, kamene kamadzithira kokha khoko likafika pansi pake.

Apa ndi pomwe pisitolo ndi mfuti yaitali zimapatukana njira. Dzenje lalikulu, loyenera magireni 40 kapena 50 a mfuti yosakira nyama, likachepetsedwa kuti lilandire magireni anayi kapena asanu limasanduka kambale kotakata ndi kosaya, ndipo kambale kotere sikadzaza mofanana. N'chifukwa chake Uniflow ili ndi migolo iwiri, waung'ono ndi waukulu, ndipo Redding inapanga mtundu wa 10X wa milingo yaing'ono yokha. Wogula chida chimodzi kuti chimugwirire ntchito zonse ziwiri ayenera kuyamba wafunsa za mgolo wachiwiriwo. Kukongola kwa utoto ndi kulemera kwa chitsulo zibwere pambuyo.

Maonekedwe a wonga nawo amalamula. Pali wa timipira, umene Fred Olsen anaupanga mu 1933 ku kampani ya Western Cartridge. Umayenda ngati mchenga wouma wa m'mbali mwa Shire ndipo umayezeka bwino pafupifupi m'chida chilichonse, kungoti umadontha m'ming'alu ya chida chogwedera. Pali wa timapepala tathyathyathya, wofala m'mapisitolo, umene uli ngati gaga: wopepuka, wogwirana, wotha kutsekereza pakhosi pa chida n'kusiya khoko lina lopanda kanthu, lotsatira n'kulandira wochuluka. Pali wa tindodo, wa mfuti zazitali, wofanana ndi mpunga wosweka. Tindodoto timapingasa pakamwa pa dzenje, mgolo wachitsulo n'kumatidula, chogwirira n'kumachita khwakhwa m'dzanja. Chodabwitsa n'chakuti chida chotchipa cha pulasitiki cha Lee, chimene anthu ambiri amachiseka, chimachita bwino pa wonga umenewu chifukwa chili ndi kamphira kamene kamakankha tindodo m'malo motidula. Mtengo wa chida sunena zambiri za mmene chidzakhalire ndi wonga umene munthu ali nawo.

Wonga wakuda uli ndi lamulo lakelake. Umayaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri, choncho zida zake zimakhala za mkuwa kapena aluminiyamu, zopanda chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake. Ndipo wonga wopanda utsi sulowa m'mfuti ya gogodela pa mlingo wina uliwonse. Mpope wake sunapangidwire mphamvu yotero.

Ngozi ya Selous ija imabisala kwambiri m'makoko a mitundu yakale. Chipolopolo cha .38 Special chinapangidwa mu 1898 kuti chizidzaza wonga wakuda, choncho khoko lake ndi lalitali. Wonga wamakono wofulumira umangokhala pansi penipeni, ndipo milingo iwiri imalowa popanda kusefukira kapena kuonekera msanga. Odziwa ntchitoyi amandandalika makoko onse pathabwa la mabowo, n'kuwaunika ndi tochi limodzi ndi limodzi asanatseke. Khoko lopanda wonga nalonso ndi loopsa: kachoyatsira kokha kamakankhira chipolopolo pakati pa mpope, chotsatira n'kudzagunda pamenepo.

Kumapeto kwenikweni kuli makina a magetsi, monga ChargeMaster ya RCBS, amene amadontheza wonga pambale ya sikelo mpaka kulemera kolembedwa kutakwana, molondola kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a gireni. Mwa zothirira zonse, awa okha ndiwo amayeza kulemera osati malo. Amachedwa, amadula, ndipo oomba chandamale cha pamtunda wa mamita 600 kapena 1,000 amawakonda chifukwa kusiyana pang'ono kwa liwiro kumaonekera patali chotero. Kwa woomba pisitolo pa mamita 25, kudikira makina pa chipolopolo chilichonse ndi kutaya tsiku.

Tikaika zonsezi pamodzi, chida choyamba kugula si chothirira ayi, ndi sikelo. Sikelo ya mtanda, ya timiyala tosuntha, yonga imene kampani ya Ohaus inkapangira RCBS kwa zaka zambiri, sifuna batire, ndipo ikaikidwa pamalo osalala imanena zomwezo chaka ndi chaka. Ndiyo imauza munthu ngati dzenje la chothirira lakhala bwino, ndipo wosamala amabwererako pa mlingo wa khumi uliwonse. Pa mfuti yaitali ambiri amathira mlingo wopereweza dala, n'kumaliza pa sikelo ndi kachida kodontheza njere imodzi imodzi. Chothirira chamtengo wapatali chopanda sikelo n'chosadalirika kuposa kasupuni ka pulasitiki kokhala ndi sikelo pambali. Manambala a mlingowo nawo samachokera m'mutu kapena kwa mnzako wa pabawo. Amachokera m'buku la kampani yopanga wongawo, imene inayeza mphamvu yake m'mipope yoyesera.

Nyengo ya chigwa ikanakhala ndi mawu pankhaniyi. Mu October ndi November kutentha kwa ku Bangula ndi ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Sikelo ya magetsi imasochera kutentha kukasintha, imanjenjemera ndi kamphepo ka pawindo, ndipo imafuna magetsi osazimazima. Wonga weniweniwo umakwiya ukatenthedwa. Angelezi anaphunzira zimenezi ndi cordite, wonga wa tizingwe umene anayamba kuuika m'zipolopolo za .303 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Zipolopolo zodzazidwa ku London zinkakanirira m'mfuti zikafika ku India ndi ku Africa, mpaka opanga anayamba kuchepetsa mlingo wa zopita kumaiko otentha. Khoko la .416 Rigby, la mu 1911, analikulitsa dala kuti mphamvu ya mkati ikhale yotsika padzuwa longa la ku Chiromo. Wonga wakuda mdani wake ndi chinyezi, umamwa madzi a mumpweya n'kuchita zibuma, chinthu chimene mlenje wa m'dambo ankachidziwa posunga nyanga yake patsindwi, chapatali ndi moto koma pouma.

Kumene ntchito yodzaza zipolopolo ili yamoyo kufupi ndi kuno ndi ku South Africa, komwe alenje ndi alimi okhala ndi ziphaso pansi pa lamulo la mfuti la 2000 amaloledwa kudzaza zipolopolo za mfuti zawo. Kwa zaka zambiri ankadalira wonga wa Somchem, monga S335 ndi S365 wa mfuti zazitali ndi MP200 wa mapisitolo. Pa 3 September 2018 fakitale ya Rheinmetall Denel Munition ku Macassar, pafupi ndi Cape Town, inaphulika n'kupha antchito asanu ndi atatu. Wongawo utayamba kusowa m'masitolo, anthu anatembenukira ku wa kunja, ndipo aliyense anayenera kuyambiranso pansi: dzenje lomwelo la chothirira, lodzaza wonga wina, linkapereka kulemera kwina ndi mphamvu ina. Ngakhale zitini ziwiri za dzina limodzi zopangidwa nthawi zosiyana zimasiyana pang'ono.

Kuno kwathu nkhani imayambira kupolisi. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna chiphaso pa mfuti ndi pa zipolopolo, ndipo munthu wopezeka nazo popanda chiphaso ndi wamlandu, kaya ndi mfuti ya ku fakitale kaya yosula m'mudzi. Asilikali a zanyama, amene amaitanidwa ng'ona ikagwira munthu padooko kapena mvuu zikalowa m'dimba, amanyamula zipolopolo za ku fakitale, zoyezedwa ndi makina. Amene atsala ndi mlingo wa chikhatho ndi opha nyama mozembera, ndipo mfuti zawo n'zoipa kuposa za nthawi ya Chipatula. Birmingham inali ndi nyumba yoyesera mipope kuyambira 1813, momwe mpope ankauombetsa ndi wonga wopyola mlingo asanaudinde chizindikiro. Paipi ya madzi yomangirira pathabwa siinayesedwepo ndi wina aliyense, ndipo woiyesa woyamba ndi mwini wake, tsaya lili pathabwapo.

Zimene wonga unasiya m'chigwachi zimaoneka ndi maso. Elephant Marsh, yomwe inaikidwa m'gulu la madambo otetezedwa a pangano la Ramsar mu 2017, ilibe njovu ndi imodzi yomwe. Nkhalango ya Mwabvi, kumwera chakumadzulo kwa Bangula, inali malo omaliza m'Malawi momwe chipembere chinkakhala mwachilengedwe, ndipo chinatha. Ku Majete njovu zinatheratu pofika 1992, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inadzaza malire ndi mfuti za AK-47, zosafuna nyanga kapena kabango. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira Majete mu 2003 linabwezeretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006 ndi mikango mu 2012, ndipo mu 2017 Majete inali ndi njovu zokwanira kutumizako zina ku Nkhotakota. Chaka chomwecho lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso, ndipo wopha njovu kapena chipembere tsopano angathe kukhala kundende mpaka zaka 30.